Mmene mungalandirire ndi kulera kamphaka katsopano pakhomo

Madandaulo a anthu amene angotenga kamphaka amakhala ofanana: sabata isanathe kayamba kutsegula m'mimba, kakuipitsa kuseri kwa mpando, kabisala pansi pa kabati osafuna kutuluka, kapena kakungolira usiku wonse. Ena kamawafera m'manja asakudziwa chomwe chavuta. Ambiri mwa mavutowa gwero lake ndi phuma: kukatenga kadakali kakhanda, kukatsegulira nyumba yonse tsiku loyamba, ndi kukapatsa chakudya chimene mimba yake singathe kugaya. Ndondomeko ili m'munsiyi itsatireni mmene yayalidwira, makamaka m'masabata awiri oyambirira.

Zofunika kukhala nazo kamphaka kasanafike

- Bokosi lonyamulira, lotsekeka bwino komanso lolowa mpweya
- Mbale ziwiri zosazama, ya chakudya ndi ya madzi. Zachitsulo kapena zadothi zimatsukika bwino kuposa zapulasitiki
- Chakudya chopangidwira ana a mphaka, ngati n'kotheka chomwe kakudya kale kumene kakuchokera
- Beseni la chimbudzi lalifupi m'mbali, loti kamwana kangathe kukweramo kokha
- Mchenga wa chimbudzi cha amphaka ndi kafosholo kowolera
- Katoni yogonamo ndi kansalu kofewa kapena bulangete lakale
- Chokandapo zikhadabo: mtengo wokulungidwa chingwe cholimba, kapena makatoni omatikizidwa
- Zoseweretsa ziwiri kapena zitatu zosamezeka
- Sikelo yaing'ono, ngakhale ya kukhitchini
- Nambala ya dokotala wa ziweto amene mungamupeze msanga

1. Dikirani kakwane msinkhu

Kamphaka kasachoke kwa mayi wake kasanakwanitse masabata 8, ndipo mukatha kudikira mpaka masabata 12 mwachita bwino koposa. Kamayamba kulawa chakudya pa masabata 4, koma kuleka kuyamwa kumatenga mwezi winanso. Pa nthawi imeneyi m'pamene kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kudzinyambita, kukwirira chimbudzi, ndi kudziwa kuti kuluma kumapweteka. Kamene kalandidwa msanga n'kamene kamadzakulumani zala kosalekeza ndi kuyamwa zovala zanu.

Chenjezo: musakhulupirire msinkhu umene mwangouzidwa. Onani nokha kakudya chakudya cholimba, kakuthamanga ndi kudumpha mosadzandira. Ngati maso ake adakali abuluu kwambiri ndipo kakuyenda motsetsereka, kadakali kakhanda.

Nkhani imasiyana ngati mwatola kamasiye. Choyamba onetsetsani kuti mayi wake palibedi, chifukwa mwina wangopita kukasaka. Ngati palibe, katenthetseni kaye musanakapatse chilichonse. Kamwana kozizira sikagaya chakudya. Kamafunika mkaka wopangidwira timphaka maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku, m'masabata oyambirira. Pomwetsa kagone chafufumimba, osati chagada ngati khanda la munthu, kuopa kuti mkaka ungalowe m'mapapo. Kakamwa, kapukuteni kumunsi ndi kansalu konyowa kofunda kuti kakodze, popeza kosakwana masabata atatu sikatha kudzithandiza kokha. Ntchitoyi ndi yolemetsa, ndipo ndi bwino kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo.

2. Kayang'anitsitseni musanakanyamule

Kukongola kwa ubweya kusakutengeni mtima. Kanyamuleni ndipo muone izi: maso owala opanda manthongo, mphuno yopanda mamina, m'makutu moyera mopanda zinyalala zakuda, usinini wofiirira bwino osati wotuwa, ndi kumunsi kwa mchira kouma. Pekulani ubweya pamsana ndi pamimba. Timadontho takuda ngati fumbi ndi ndowe za utitiri, ndipo malo ozungulira othothoka ubweya angakhale chipere, chomwe chimagwiranso anthu. Mimba yotupa pa kathupi kowonda nthawi zambiri imasonyeza njoka za m'mimba.

Kupeza chimodzi mwa izi sikutanthauza kuti mukasiye. Zambiri zimachizika. Chofunika n'chakuti mudziwe kuti ulendo woyamba ndi wa kwa dokotala, ndiponso kuti musakasakanize ndi ziweto zina.

Funsani amene akukupatsani: kabadwa liti, kakudya chiyani, kanalandirapo katemera kapena mankhwala a njoka, ndipo kanazolowera kugwiridwa ndi anthu? Funso lomalizali n'lofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kamphaka kamazolowera anthu mosavuta pakati pa masabata 2 ndi 7. Kamene sikanagwiridwepo pa nthawiyo kadzafuna kuleza mtima kwambiri. Pemphaninso kansalu kamene kamagonera ndi mayi wake. Fungo limenelo lidzakatonthoza usiku woyamba.

3. Konzani chipinda chimodzi chokha

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Nyumba imene inu mukuiona yaing'ono, kwa kanyama kolemera kilogalamu imodzi ndi dziko lachilendo lodzaza fungo ndi phokoso losadziwika. Sankhani chipinda chimodzi chabata chokhala ndi chitseko. Chakudya ndi madzi ikani mbali imodzi, chimbudzi mbali ina kutali, pogona pakona pofunda. Ikaninso katoni yoboola khomo kuti kakhale ndi pobisala. Kamphaka kokhala ndi pothawira kamalimba mtima msanga kuposa kosowa kolowera.

Kenako gwadani pansi muone chipindacho mmene iko kadzachionere, ndipo chotsani kapena tsekani izi:

- Ulusi, singano, zingwe, malamba a raba ndi timapulasitiki. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, ndiye ulusi ukalowa m'kamwa sautha kulavula. Ukafika m'matumbo umatha kuwacheka.
- Nthambo za magetsi zolendewera.
- Mankhwala a anthu, a makoswe, a tizilombo, ndi otsukira m'nyumba.
- Maluwa a lily. Tsamba, mungu, ngakhale madzi a m'botolo limene maluwawo aikidwamo amawononga impso za mphaka.
- Mipata ya kuseri kwa firiji ndi makabati, mazenera otsegula, ndi zidebe za madzi zosavundikira.

4. Ulendo wobwera nako, ndi tsiku loyamba

Kanyamuleni m'bokosi lotseka, osati m'manja kapena pamiyendo. Kakadzidzimuka kamapulumuka m'kuphethira kwa diso. Phimbani bokosilo ndi nsalu yopepuka kuti mukhale kamdima.

Mukafika, ikani bokosi pansi m'chipinda chija, tsekani chitseko, tsegulani bokosi, khalani pansi chete. Musakatulutse. Kena kamatuluka nthawi yomweyo kuyamba kununkhiza, kena kamatha maola kapena tsiku lathunthu kali mkati. Zonsezi n'zabwinobwino. Lankhulani motsitsa mawu, tambasulani dzanja kuti kanunkhize, ndipo musakayang'anitsitse m'maso, chifukwa kwa mphaka kumeneko n'kuopseza. Kuphethira pang'onopang'ono ndiye kumakauza kuti simuli mdani.

Chenjezo: tsiku limeneli si la alendo. Ana apakhomo alowe mmodzimmodzi, akhale pansi, adikire kuti kamphaka kabwere kokha. Kakabisala, musakakoke. Siyani chakudya pafupi n'kutuluka.

Usiku woyamba kadzalira, pakuti sikanagonepo kokha. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa bwino m'nsalu, pamodzi ndi kansalu ka fungo la mayi wake, zimathandiza. Madziwo akhale ofunda chabe, ndipo pakhale malo oti kasunthire kakamva kutentha.

5. Phunzitsani chimbudzi

Mwamwayi, mphaka amabadwa ndi mtima wofuna kukumba ndi kukwirira. Ntchito yanu ndi kungomusonyeza malo. Thirani mchenga wozama masentimita atatu kapena asanu. Kaikeni m'besenimo kakangodzuka, kakangodya, ndiponso kakamaliza kusewera. Mukaona kakununkhiza pansi, kuzungulirazungulira kapena kupalasa, kanyamuleni modekha mukakaike m'menemo. Kakachita bwino, kasisiteni.

Wolani zoipa tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa sabata tayani mchenga wonse n'kutsuka beseni ndi madzi otentha ndi sopo wopanda fungo lamphamvu. Mphaka ndi waukhondo kwambiri: chimbudzi chikanyansa amakasaka malo ena, ndipo mlandu sukhala wake. Ngati muli ndi amphaka angapo, aliyense akhale ndi lake, muwonjezereponso limodzi.

Chenjezo: kakaphonya, musakamenye kapena kukakhudzitsa mphuno pa zoipazo. Sikamvetsa kuti chilangocho n'cha chiyani. Chimene kamaphunzira n'chakuti inu ndinu woopsa, ndipo kamayamba kukachitira mobisala. Tsukani malowo mpaka fungo litheretu, koma osagwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi ammonia, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limakaitanira pomwepo. Kwa kamwana kakang'ono kwambiri pewani mchenga umene umaumbika ukanyowa, poti timphaka timalawa chilichonse.

Mayi woyembekezera asawole chimbudzi cha mphaka ngati pali wina woti achite. Ndowe za mphaka zimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa toxoplasmosis, matenda oopsa kwa mwana wosabadwa. Tizilomboti timatenga tsiku limodzi kapena kuposerapo tisanayambe kupatsirana, n'chifukwa chake kuwola tsiku ndi tsiku kumatetezanso anthu. Aliyense wowola asambe m'manja akamaliza.

6. Dyetsani moyenera

Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo pamenepa palibe kunyengerera. Thupi lake limafuna zinthu zopezeka m'nyama zokha, monga taurine, imene ikasowa mtima umafooka ndipo maso amachita khungu. Pa chifukwa chimenechi zotsala za patebulo sizikwanira, ndipo chakudya cha agalu sichilowa m'malo. Gulani cholembedwa kuti n'cha ana a mphaka, ndipo kadye chimenecho mpaka katayandikira chaka.

Mimba yake ndi yaing'ono koma kakukula mofulumira, choncho kadye pang'onopang'ono kambirimbiri: kanayi pa tsiku mpaka miyezi itatu kapena inayi, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Muyezo wake tsatirani wolembedwa pa paketi. Chakudya chonyowa chisakhalitse m'mbale. Chotsala tayani, mbale mutsuke. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse, ndipo amphaka ambiri amamwa bwino madziwo akakhala patali pang'ono ndi chakudya.

Mukafuna kusintha chakudya, tengani sabata yathunthu: yambani ndi chatsopano pang'ono m'chakale, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku. Kusintha kamodzin'kamodzi kumatsegula m'mimba.

Chenjezo lalikulu: musakapatse mkaka wa ng'ombe. Ndikudziwa kuti kamaunyambita mokondwa, ndipo mtima umafuna kukapatsa. Koma kakaleka kuyamwa, mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imachepa, ndipo zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba. Kwa kanyama kakang'ono chonchi, madzi amatha m'thupi mofulumira kwambiri. Pewaninso anyezi ndi adyo, zophika kapena zaziwisi, chifukwa zimawononga magazi. Musakapatsenso chokoleti, mphesa, khofi ndi mowa. Ndiponso mafupa ophika, amene amasweka n'kubaya.

Kayezeni pa sikelo kamodzi pa sabata ndipo muzilemba. Kamphaka kathanzi kamawonjezera pafupifupi magalamu 100 pa sabata m'miyezi yoyambirira. Sikelo imakuuzani kuti zinthu sizili bwino maso anu asanaone kanthu.

7. Pitani kwa dokotala wa ziweto sabata yoyamba

Musadikire kuti kadwale. Pa ulendo woyambawu dokotala adzakayeza thupi lonse n'kukupatsani ndandanda ya zinthu zitatu.

Katemera. Woyamba amaperekedwa pa masabata 8 kapena 9, n'kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi, ndipo madokotala ambiri amalangiza kuti womaliza akhale pa masabata 16 kapena kupitirira. Amateteza ku panleukopenia, matenda a m'matumbo amene amapha timphaka tambiri, ndi ku mavairasi awiri oyambitsa chimfine cha amphaka. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kuyambira masabata 12. Ameneyu amateteza banja lanu lonse, popeza chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. Funsaninso za katemera wa leukaemia ya amphaka, matenda a vairasi ofooketsa chitetezo cha m'thupi, makamaka ngati kadzatuluka panja. Jakisoni mmodzi yekha sakwanira, malizani onse.

Njoka za m'mimba. Timphaka tambiri timazitengera mumkaka wa mayi. Mankhwala amaperekedwa masabata awiri aliwonse kuyambira pa masabata 3 mpaka cha pa masabata 8, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Mlingo umadalira kulemera, n'chifukwa chake sikelo ija ndi yofunika.

Utitiri. Pa mphaka wamkulu umangoyabwa, koma pa kamwana umayamwa magazi mpaka kufooka. Gwiritsani ntchito mankhwala okhawo amene dokotala wanena kuti ndi oyenera msinkhu wake. Ngati kadakali kakang'ono kosayenera mankhwala, chipeso cha mano othinana chimachotsa wambiri. Chapani zogonera m'madzi otentha, pakuti mazira ambiri amakhala m'nsalu ndi m'ming'alu ya pansi.

Chenjezo: mankhwala a utitiri a agalu musawayandikize. Ambiri ali ndi permethrin, amene amanjenjemeretsa mphaka, kumukomola, ngakhale kumupha. Chimodzimodzi paracetamol: kachidutswa ka piritsi limodzi kangathe kupha mphaka. Mankhwala alionse a anthu asaperekedwe popanda mawu a dokotala.

8. Sewerani nako, koma osati ndi manja

Kamphaka kamagona maola ochuluka pa tsiku, kakadzuka n'kukhala ngati kaledzera ndi mphamvu. Mphamvu imeneyo ikasowa kopita imathera pa mapazi anu ndi pa makatani. Sewerani nako kawiri kapena katatu pa tsiku, mphindi 10 kapena 15, ndi chinthu choti kathamangitse n'kugwira, monga nthenga yomangirira kundodo kapena kampira kopepuka. Kakasewera komaliza madzulo, kenako n'kudya, kamagona bwino usiku. Zoseweretsa za zingwe muzibisa mukamaliza.

Zala zanu zisakhale choseweretsa. Lero mano ake sapweteka kwambiri, koma chizolowezicho chidzakhalapobe mano akuluakulu atamera, cha pa miyezi 6. Kakaluma, musakoke dzanja mwamphamvu. Liumitseni, lekani masewero, chokanipo. Mukachita izi mobwerezabwereza, kamvetsa kuti kuluma kumathetsa chisangalalo.

Kukanda simungakuletse, ndi chibadwa chake. Chimene mungachite ndi kusankha pokanda. Ikani chokandapo pafupi ndi pogona, chifukwa mphaka amakonda kudziwongola ndi kukanda akangodzuka. Chikhale cholimba chosagwedera. Kakayamba kukanda mpando, kanyamuleni mukakaike pa chokandapo.

Pa nthawi yomweyi kazolowezeni kugwiridwa mapazi, makutu ndi kukamwa, ndiponso kupesedwa. Bokosi lonyamulira lisiyeni lotsegula m'chipinda kuti kazilowamo kokha. Mudzathokoza tsiku limene kadzafunike kumwa mankhwala. Ponyamula, dzanja limodzi likhale pansi pa chifuwa, lina lichirikize kumbuyo. Osanyamula pogwira chikopa cha pakhosi, mwendo kapena mchira.

9. Kadziwitseni kwa ziweto zina

Yambani ndi fungo, maso adzabwera pambuyo. Kwa masiku angapo sinthanitsani zogonera pakati pa kamphaka ndi chiweto chakale. Kenako zidyere mbali ziwiri za chitseko chotseka. Zikadekha, tsegulani kampata koti zionane. Galu akhale pa chingwe, ndipo kamphaka kakhale ndi pokwera pothawira. Mphaka wakale akakalipa ndi kuimika ubweya musamulange. Nyumbayi inali yake, ndipo kuvomera mlendo kungamutengere masabata angapo. Zikamenyana, bwererani pa gawo la chitseko chotseka. Musazisiye zokha mpaka mutatsimikiza kuti zagwirizana.

10. Tsegulani nyumba, kenako ganizirani za kunja

Kakamadya bwino, kugwiritsa ntchito chimbudzi mosaphonya ndi kukuthamangirani mchira uli m'mwamba, tsegulani chitseko kayendere chipinda chimodzi chimodzi inu mulipo. Chipinda choyamba chija chikhalebe chotsegula. Kuyambira pamenepa zolowerani kuyang'ana m'makina ochapira musanawayatse, kutseka chivundikiro cha chimbudzi cha anthu, ndi kuona pansi musanatseke chitseko.

Kunja kasatuluke kasanamalize katemera ndiponso kasanatsekedwe kubereka. Kakakazi kangatenge bere kali ndi miyezi inayi yokha, iko komwe kadakali kamwana, ndipo bere la mphaka limangotenga masabata 9. Madokotala ambiri amachita opaleshoniyi pa miyezi inayi kapena isanu. Mphaka wamkazi safunika kubereka kaye kamodzi ngati mmene ena amanenera. Kutseka msanga kumachepetsanso chiopsezo cha khansa ya mabere. Wamwamuna akafulidwa amachepetsa kuyendayenda, ndewu, ndi kuwaza mkodzo wonunkha m'makoma. Funsaninso za microchip, kachipangizo kolowetsedwa pansi pa khungu kothandiza kuti mphaka wosochera abwezedwe kwa mwini wake. Mukakaveka kolala, ikhale yomasuka yokha ikakodwa.

Zizindikiro zofuna dokotala tsiku lomwelo

Mphaka amabisa ululu, ndipo kamwana kamafooka m'maola ochepa. Musadikire mawa mukaona izi: kakana chakudya kawiri motsatizana, kakusanza mobwerezabwereza, kakutsegula m'mimba kosalekeza kapena kwa magazi, usinini watuwa, kakupuma movutikira kapena kukamwa kuli yasa, kakunjenjemera, kazizira ndipo sikakudzuka, kapena kakukhala pachimbudzi n'kumakankha mkodzo osatuluka. Ngati mukukayikira kuti kadya poizoni, tengani paketi ya chinthucho popita, ndipo musayese kukasanzitsa nokha. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa kapena kumunsi, musaukoke.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusambitsa kamphaka kakangofika. Mphaka amadzisamalira yekha, ndipo kamwana konyowa kamazizidwa msanga. Kakadetsedwa, kapukuteni ndi kansalu kofunda. Kusambitsa kukhale pokhapokha pakafunikiradi, ndi madzi ofunda, n'kukaumitsa bwinobwino.

Kuika chimbudzi pafupi ndi chakudya, kapena pamalo aphokoso podutsa anthu. Kakayamba kuipitsa pena, yambani mwaona malo ndi ukhondo wa beseni. Ngati zonse zili bwino koma vuto likupitirira, mwina ndi matenda, osati mwano.

Kulanga ndi kumenya, kukalipa kapena kuwaza madzi. Mphaka wolangidwa chonchi saleka khalidwelo, amangodikira kuti muchoke.

Kusiya katemera pakati chifukwa kamphaka kakuoneka kathanzi. Chitetezo chochokera kwa mayi chimatha pang'onopang'ono ndipo chimatha kulepheretsa jakisoni woyamba kugwira ntchito, ndiye womaliza uja ndi amene amatseka mpata.

Kukasiya kokha tsiku lonse kadakali kakang'ono. Kosakwana miyezi inayi kamafuna chakudya pafupipafupi ndi wina wokayang'anira. Ngati pakhomo pamakhala popanda munthu nthawi yaitali, pezani wodzakaona masana, kapena ganizirani zotenga tiwiri ta mimba imodzi, timene timaseweretsana ndi kutenthetsana.

Kulekerera lero chimene mudzakane mawa. Ngati simufuna mphaka wamkulu patebulo kapena pabedi, onse apakhomo agwirizane zimenezo kamphaka kasanafike, ndipo aliyense azikatsitsa nthawi iliyonse kakakwera.